Amayi Asanacheuke

Ndinamasula chingwe, mapepala n'kumwazika pamphasa. Abale anali atakhala kale mozungulira. Linali tsiku lometa, titaika mng'ono wanga. Katundu wake anali atatha kugawidwa: mabulangete awiri, wailesi, maburashi, zitini za penti. Panatsala mtolo umenewu.

Ndinayang'ana pepala lapamwamba. Mayi wojambulidwa ndi pensulo, ndowa kumutu, atatipatsa msana. Phewa lakumanzere lotsika. Mwendo umodzi wokoka. Anali amayi athu, amene anatisiya chaka chimene zipani zinachuluka. Pepala lachiwiri, chimodzimodzi. Lachitatu, chimodzimodzi. Nditafika pa lakhumi ndinaleka.

"N'chithunzi chimodzi chomwechi," ndinatero. "Aliyense atengeko, akasunge."

Mlongo wathu wa ku Kapondo anatenga ake. Asuweni a kutsidya kwa malire anatenga awo. Atsibweni a kwa Zulu, alongo awo a amayi, ndinawapatsa apansi, ochuluka, poti ndi akulu. Ine ndinasunga apamwamba. Anthu anati ndagawa bwino.

Mng'ono wangayo ankalemba zikwangwani pa Kamwendo: za magolosale, za malo odyera, mawu a kumbuyo kwa maminibasi. Ine ndimakonza njinga. Shedi yathu inali imodzi. Zaka ziwiri zomaliza anayamba kupita ku boma Loweruka lililonse, kukakhala pa kompyuta m'kanyumba ka intaneti. Ankabwerako ndi mapepala a Chingerezi okhala ndi tianthu ta miyendo ngati timitengo. Ankati akuphunzira kupanga makatuni kwa anthu akutali ophunzitsa ulere. Makatuni ndinkawaona ku vidiyo. Sindinaganizepo kuti amapangidwa bwanji.

Anatola galasi la zenera la lole, n'kuliimika pakhomo la shedi kuti dzuwa liziwala kumbuyo kwake. Ankasanjika pepala pa linzake n'kumatsata mizere. Masana onse.

"Achimwene, tabwerani muone."

"Ndili ndi tayala m'manja."

"Miniti imodzi yokha. Tayala silithawa."

"Makatuni n'za ana."

"Ndiye inu munabadwa ndi ndevu?"

Ankaseka, kenako n'kutsokomola nthawi yaitali. Sindinapite kukaona. Ngakhale kamodzi.

Patatha miyezi itatu chiikireni maliro, ndinapita ku boma kukagula masipoko a njinga. Mwini kanyumba ka intaneti kaja, bambo wina wamagalasi, anandiimika pamsewu.

"Ndinu achimwene awo a malemu, eti? Mphumi ndi yomweyo. Talowani, pali chanu."

Anandikhazika pampando, n'kudina batani la kompyuta. Pagalasi panabwera chithunzi chija.

Amayi anayenda.

Phazi linanyamuka. Mwendo wodwala unatsatira, ukukhwekhwereza, monga ankachitira pochokera kudimba. Nsalu inagwedera. M'ndowa munadumpha kadontho. Anaponda kanayi, n'kubwerera poyambira, n'kuyambanso. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Tinalowetsa mumakina mapepala oyambirira okha," anatero bamboyo. "Otsalawo anati abwera nawo akapeza bwino. Mwawasunga? Pakona pali manambala. Akufunika onse, motsatana. Kuti phazi limodzi liponde pamalowa mapepala twelofu."

"Kumapeto kuli chiyani?"

"Sanakuuzeni? Amayi amatula ndowa, n'kucheuka. Nkhope ndiyo inamuvuta. Mwezi wathunthu akufufuta, akujambulanso. Ankati chithunzi chawo kulibe, ndiye akuichotsa m'mutu mwake."

Zinali zoona. Amayi sanajambulitsepo. Kwa ine nkhope yawo inali itathawa kale. Ndikatsinzina ndinkaona mpango basi.

M'mawa mwake shedi sindinatsekule. Ndinapalasa wa ku Kapondo. Mlongo wanga anali ataika ake m'Baibulo. Anandipatsa onse, atatu okha odyeka ndi chiswe. Sanafunse. Kwa asuweni ndinatuma dalaivala wa lole amene ndimamudziwa. Anabwera ndi asanu ndi awiri, onona mafuta. Anali atakulungira mandasi. Ndinayala onse pansi, ndikutsata manambala ndi chala. Msana. Msana. Msana. Apansi ndiwo anali akumapeto.

Atsibweni ndinawapeza atakhala m'chigafa, akusankha fodya. Ndinapereka moni. Ndinafunsa za mvula, za msana wawo. Kenako za mapepala.

"Aja? Ofewa bwino, mphwanga. Sakanda pakhosi ngati nyuzi."

"Mwapichirira fodya?"

"Nanga ndikanatani nawo onsewo? Munthu mmodzi zithunzi mulu?"

"Onse?"

"Si unati n'chimodzi chomwecho, iwe? Limodzi ndasunga. Mlongo wanga sindingamutaye."

Anadzuka movutikira, n'kusolola pepala patsindwi. Linali litada ndi utsi. Analigwira ndi manja awiri.

"Pa enawo munaona nkhope?"

"Nkhope? Ndinkang'amba osayang'ana. Maso anga ndi omwewa. Bwanji, zalakwika?"

"Ayi."

Sindinawakalipire. Amene ananena mawuwo ndine. Ndinabwereka pepalalo. Anati ndidzabweze.

Pobwerera ndinakankha njinga mtunda wautali. Patsogolo panga panali mayi wina, ndowa kumutu. Ndinachepetsa liwiro kuti ndisamupitirire. Anakhotera kwawo.

Loweruka ndinapita nawo ku boma. Bambo wamagalasi anawalowetsa mumakina limodzilimodzi, akupukuta a mafuta ndi kansalu. Zinatenga nthawi. Ndinaima pakhomo. Atatha anandikodola.

Amayi anayenda bwino poyamba. Kenako anayamba kulumpha. Ali apa, mwadzidzidzi ali apo, ngati munthu womuona m'tulo. Manja anakwera kundowa. Ndowa inapezeka ili pansi. Ndiye panabwera pepala la atsibweni, lakuda lija. Khosi litapindika pang'ono. Khutu. Kamzere ka tsaya. Basi. Msana unabwerera poyambira, ndowa kumutu.

Bamboyo anachotsa magalasi, n'kuwapukuta ndi malaya.

"Musataye mtima, achimwene. Pa intaneti pali anthu aluso, ena ankalemberana ndi malemu. Angathe kumalizitsa. Inu mungondiuza, ine ndilemba. Maso awo anali otani? Mphuno? Anali ndi mphini?"

Anatenga cholembera, n'kudikira.

Pagalasi amayi anafikanso pakhutu paja, n'kubwerera. Ndinatola chipewa changa. Ndinatuluka, n'kutenga njinga pakhoma, n'kuyamba kuikankha.