Maso Pansi ku Polisi

Ku Machinga anandilera kuti wamkulu akamalankhula, maso uziyang'ana pansi. Ulemu umenewo unatsala pang'ono kundilowetsa m'ndende ku Joni.

Ndinkakhala ku Mayfair, m'kachipinda ka kuseri kwa shopu, ntchito yanga yochapa ndi kusita m'nyumba za anthu. Bambo wina wakwathu anandisungitsa katoni yomata ndi selotepi, akuti adzaitumiza kumudzi pa thiraki. Ife timasungirana katundu choncho, ndipo za mwini sutsegula. Apolisi atabwera n'kuing'amba, munali mafoni akuba. Mwiniwakeyo anali atazimiririka kalekale.

Ku polisi, wapolisi wina wa mimba yake anandikhazika pampando, n'kuyamba kundifunsa m'Chizulu chothamanga chimene sindinkatolapo kanthu.

"Wena, look at me!"

Ine maso pansi, monga anandiphunzitsira mayi anga. Iye anaseka, n'kuyamba kulemba. Analemba tsamba lonse, chonsecho ine ndinali nditangotchula dzina langa ndi komwe ndimakhala. Kenako anandikankhira cholembera kuti ndisayine, ati ndikatero ndizipita kunyumba.

Mtima unandiwira. M'kachizungu kanga kothyokathyoka ndinamuuza kuti apeze wondimasulira, apo ayi sindisayina. Anamenya tebulo. Ine ndinakhalira manja anga onse awiri, kuopa kuti angandigwire chala n'kuchidinda papepalapo.

Ndinagona m'selo mpaka tsiku la khoti. Kumeneko womasulira, mwana wa ku Mangochi, ndi amene anandiuza zomwe zinalembedwa: akuti ndinavomera ndekha kuti ndimagula mafoni akuba. Ine! Wa kafoni kamabatani komanga ndi mpira!

Loya amene boma linandipatsa anamufunsa wapolisi uja ngati anandiuza kuti ndili ndi ufulu wokhala chete, ngati panali womasulira, komanso ngati ananditengera kwa majisitireti kuti ndikavomere pamaso pawo. Zonse ayi.

"Koma amaoneka wolakwa," wapolisiyo anatero. "Samandiyang'ana n'komwe."

Majisitireti anati pepalalo silingakhale umboni, ndipo popanda ilo mlandu unathera pomwepo. Anandifunsa ngati ndamva.

"Ndamva, bwana. Koma abambo awa amadandaula kuti sindiwayang'ana."

Ndinatembenuka n'kumuyang'anitsitsa wapolisi uja m'maso, osaphethira. Mayi anga andikhululukire, sindinasiye mpaka iye ndi amene anayang'ana pansi.