Zitsulo Zimene Ndinasanjika pa Denga

Ine si munthu wa nthabwala. Amene amandidziwa ku Kalingalinga, komboni ya mu Lusaka, kumene ndawotcherera zitsulo moyo wanga wonse, angakuuzeni kuti bodza sindilidziwa, ndipo izi zinandichitikiradi.

Inali nyengo ya mvula pamene wailesi inalengeza kuti chimwala cha mumlengalenga chidutsa pafupi ndi dziko tsiku lomwelo. Anati chinapezeka chaka cham'mbuyo ndi anthu oyang'ana nyenyezi ku Spain, chimazungulira dzuwa monga dziko lathu, ulendo umodzi pafupifupi chaka, ndipo kukula kwake ngati theka la bwalo la mpira. Anatinso sichigunda dziko, koma mawu amenewo anasunga ndani? M'mawa womwewo kunamveka kuti ku Russia mwala waphulika kumwamba n'kuvulaza anthu, ndiye m'minibasi ndi pamsika nkhani inali yoti wachiwiri ukulunjika pa Lusaka.

Aneba anga, amene tonse timawaitana kuti ba Ticha, anandiuza kuti miyala iwiriyo ndi yosiyana, njira ya uwu wolengezedwa pa wailesiwu inawerengedwa kale, ungodutsa n'kumapita. Ndinawayankha kuti iwo adziwe za choko, za denga langa ndidziwa ndine.

Mukudziwa kuti m'komboni malata timawapsinja ndi miyala kuti mphepo isawatenge. Ine ndinati chimene chimaletsa mphepo chiletsanso mwala. Ndinakweza mabuloko, chidutswa cha njanji ndi geti lachitsulo, zonse pamwamba pa chipinda chogona. Akazi anga, ataima pansi, anandifunsa ngati ndaiwala kuti mitengo ya dengalo inadyedwa ndi chiswe, nati ngati ndikuwamangira manda ndinene, ayambe asamba. Ndinawalamula kuti alowe m'chipindamo, asatuluke mpaka mwala utadutsa. Analowa, poti pa anthu sanandikanirepo.

Masana kunabwera mvula yamphepo. Ndili pakhonde ndinamva mtengo wa denga ukulira, kenako chiphokoso chimene chinagwedeza nyumba yonse. Anthu mumsewu anabalalika akukuwa kuti mwala uja wagwa, koma ine ndinadziwa chimene chagwa. Chitseko cha chipinda chinakana kutseguka. Ndinaitana katatu, palibe yankho. Amene anathamangira kwathu anali ba Ticha okha. Tinathyola chitseko ndi mgwala, chitsulo chokumbira, n'kupeza akazi anga ali chigonere m'madzi, njanji ili pa mwendo, akupuma pang'onopang'ono. Tinawatengera kukiliniki pa wilibala.

Chimwala chija chinadutsa madzulo ake monga ananenera, ndipo m'komboni monse palibe anachiona. Akazi anga mpaka lero amayendera ndodo yachitsulo imene ndinawotcherera ndekha, ndipo za tsikulo sanandikumbutsepo ngakhale kamodzi.

Tsopano ndimakhulupirira kuti amene amawerenga njira za miyala imeneyi amadziwa ntchito yawo monga ndidziwira yanga. Akuti palinso ina yodzadutsa. Mukamva, mverani uthenga mpaka kumapeto, ndipo munthu wogona pansi pa denga akakuuzani kuti mitengo inadyedwa, tsikani.