Wantchito wa Mufilimu Anamutcha Omega

"Mayina anatha, Che Binali? Dziko lonseli mayina anatha, mpaka mukatole langa?"

Omega anaima pakhomo pa kachipinda ka Binali ku Yeoville, chikwama chili m'khwapa, nsapato za kuntchito zidakali kuphazi. Linali Loweruka masana, ndipo amayi amene ankachapa pampopi wa kuseri anasiya zovala m'mabeseni n'kutchera khutu. Binali anavula mahedifoni pang'onopang'ono, ngati munthu woyembekeza kuti mvula ipitirira.

"Alongo, lowani tikambirane. Anthu akuonerera."

"Aonerere! Si paja munawaonetsa kale ndikulanda mwamuna wa madamu? Lero akandiona ndikukalipa ndiye chachilendo?"

Nkhani yake inali iyi. Binali, bambo wa ku Machinga, pakati pa sabata amanyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu ku Marlboro. Loweruka ndi Lamlungu amamasulira mafilimu. Aliyense wokulira kwathu amaidziwa ntchito imeneyi: munthu amatenga filimu yakunja n'kuikamo mawu ake m'Chichewa, iye yekha kukhala bwana, mkazi, wapolisi, ngakhale galu. Chinenero cha mufilimuyo sachita kuchidziwa ayi. Amayang'ana zithunzi, pakamwa n'kumangoyenda. Ndipo mchere wa ntchitoyi ndi mayina. Munthu wa ku Asia wovala suti amasanduka a Jerome a ku Ntcheu, msewu wa mumzinda wachilendo n'kukhala wa ku Limbe. Kuno ku Joni amuna amachita kumupempha: "Achimwene, munditchuleko mufilimu ikubwerayi, akumudzi amve kuti ndidakali moyo." Kutchulidwa ndi ulemu.

Ndiye mufilimu ina ya banja lolemera munali mtsikana wantchito. Binali anamutcha Omega wa ku Luchenza, wogwira ntchito ku Norwood. Anamupatsa mawu a m'mphuno, okokakoka, n'kumamuyankhulitsa kuti, "Bwana, madamu atuluka, tabwerani kuno kukhitchini." Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ku Berea, ku Marlboro, konsekonse. Filimuyo inadumpha kuchoka pafoni kupita pafoni, inawoloka Beitbridge yopanda pasipoti, mpaka inakafika mu vidiyo sho ya pamsika wa Luchenza.

Ku Luchenzako kuli Praise, mwana mmodzi yekha wa Omega, wa Fomu 2, amene amakhala ndi amayi ake aang'ono. Anyamata a kusukulu anayamba kumulondola akutsina mphuno: "Bwana, tabwerani kuno kukhitchini." Musaganize kuti anthu a kwathu ndi opusa. Ankaona bwinobwino kuti mtsikana wa mufilimuyo ndi wa dziko lina, tsitsi lofika m'chiuno. Koma ankati womasulirayo amakhala naye ku Joni komweko, ndipo pofuka utsi pali moto. Praise anatumiza uthenga umodzi wa mawu: "Amayi, kodi ntchito yake ndi imeneyo?" Kuchokera pamenepo, amayi ake akaimba, foni inkangolira mpaka kuduka.

Tsono Binali anagwira munthu wolakwika, chifukwa pa onse amene amatenga mafilimu kwa iye, palibe amene amaonera ngati Omega.

Ali mwana, bambo ake ankathyola tiyi m'maesiteti, iye ankagulitsa zitumbuwa pamsika. Masiku amenewo mtsikana wolowa mu vidiyo sho ankapatsidwa dzina loipa, choncho alongo ake ankalowa, iye n'kutsala panja ndi beseni. Kuseri kwa chisakasa choonetseramo mafilimucho kunali kabowo pabango. Kabowoko sikankaonetsa zonse: pakati pankatchingidwa ndi mitu ya anthu, ndipo jenereta inkameza mawu. Chimene chinkamufika Omega ndi m'mphepete mokha. Anyamata mkatimo akamakuwa kuti ngwazi yagwetsa adani, iye ankaona mayi wogulitsa zipatso amene tebulo lake lagubuduzidwa pa ndewuyo. Ankabwerera kunyumba akudzifunsa kuti mayi uja malalanje ake anatola ndani, nanga ana ake anagona atadya chiyani.

Chizolowezicho sichinamuchoke. Sukulu inathera Sitandade 8, ukwati unatha Praise asanayambe kuyenda, ndipo basi ya ku Joni inamutsitsa ali ndi nambala ya msuweni wake basi. Wagwira m'nyumba zingapo. Kumene ali pano ku Norwood amasita zovala kutsogolo kwa TV mawu atazimitsa, chifukwa madamu amagwirira ntchito pakhomo ndipo safuna phokoso. Kwa Omega palibe chosowa. Amati pakamwa ndi pamene pamanama, mapazi sadziwa bodza.

Lamlungu akaweruka kutchalitchi cha muholo ku Berea, amayi anzake amakhala naye pamasitepe. "Mukafuna kudziwa mwini filimu," amatero, "yang'anani amene kamera imamutsatira akatuluka m'chipinda. Madamu akatuluka, timapita nawo mpaka m'galimoto. Wantchito akatuluka, chitseko chatsekeka, basi wafa mpaka adzafunenso tiyi. Munaonapo filimu yokusonyezani pamene amagona? Ngakhale dzina samutchula." Ena amati Omega amawononga filimu, munthu sungasangalale uli naye pafupi. Koma sabata yotsatira amabwera okha: "Sisi, eish, ndaona zimene mumanena zija."

Mawu omwewa ndi amene Binali anabisalamo Loweruka limenelo.

"Alongo, si inu nomwe mumadandaula kuti wantchito mufilimu alibe dzina? Ine ndinati ndimupatse. Ndipo ndinasankha la munthu amene ndimamulemekeza. Ndimayesa museka."

Sankanama, ndipo apa ndi pamene pamapwetekera. Binali si munthu woipa. Mnzawo wina atamwalira ku Marlboro, ndi iye amene anayenda chipinda ndi chipinda kusonkhetsa ndalama mpaka maliro anapita kumudzi. Munthu woipa umamutukwana n'kuchokapo. Koma wabwino amene wakupweteka akumwetulira, umayenera kukhala naye pansi, ndipo kumeneko n'kolemetsa.

Omega analowa, n'kukhala pa ndowa yovundikira.

"Ikani filimuyo. Pakhitchini paja. Mawu anuwo muzimitse."

Binali anachita monga anauzidwa. Pakompyuta panaoneka khitchini yoyera mbee. Mtsikana ankatsuka mbale, ndipo bwana wa nyumbayo analowa n'kuima pakhomo.

"Imitsani. Bamboyu waima pati?"

"Pakhomo."

"Khomo lilipo lina?"

"Sindikuliona."

"Pitirizani. Taonani mtsikanayo. Watenga thireyi yopanda kanthu, waigwira pamimba. Thireyi yopanda kanthu akupita nayo kuti? Imeneyo ndi mpanda, Che Binali. Taonani mapazi. Nkhope yayang'ana bwana, zala za kumapazi zaloza kuzenera. Munthu woitana mwamuna amaima choncho?"

"Koma akumwetulira, alongo. Onani, mano onse panja."

"Inu kapitawo wanu ku Marlboro akamakutukwanani, simumwetulira?"

Binali anakanda kumutu. Panja, mpopi unkangotaya madzi, palibe amene ankautseka.

Omega kumwetulira kumeneko ankakudziwa m'masaya mwake. Pa ntchito yake yoyamba, ku Edenvale, kunali bwana amene ankakonda kumva ludzu madamu akangotuluka. Omega anaphunzira kusiya chitseko cha kuseri chotsegula ngakhale mu Juni, kukuzizira kolowa m'mafupa. Tsiku lina anapeza chitsekocho chokhoma, kiyi palibe. Anamwetulira, anati akukataya zinyalala, anatulukira kutsogolo, ndipo sanabwererenso. Kumudzi anangowauza kuti wapeza ntchito ina yabwino. Zimenezi sanamuuze Binali. Sanaone chifukwa choti munthu ayambe wavula mabala ake kuti amukhulupirire.

"Alongo, mumvetse," Binali anayankhula motsitsa. "Anthu amatopa sabata yonse. Loweruka amafuna kuseka. Ndikanena kuti mtsikanayu akuopa, ndani aonere? Filimu imakoma pakakhala mkazi wovuta."

"Nanga bamboyo bwanji simunamupange wovuta? Ikani mawu timve mmene munamuyankhulitsira."

Mawu anabwerera. Bwana wa mufilimuyo ankayankhula Chichewa chodekha, chakuya, cha munthu wophunzira: "Iwe mtsikana, usandiyese, ndine munthu wapabanja."

"Mwamva? Amenewo ndi mawu anu enieni, amene mumapempherera nawo. Mawu abwinowo mwapatsa bwana. Mtsikana mwamupatsa mphuno. Inuyo, amene mumanyamula makatoni, amene kapitawo sadziwa n'komwe dzina lanu, amangokuitanani kuti 'wena Malawi'. Mwapeza maikolofoni, mwasankha kukhala ndani?"

Funso limeneli si la Binali yekha. Amene anaseka filimu ija ndani? Si azungu a ku Norwood, iwo Chichewa sachimva. Amene anaseka ndi alonda, osamalira maluwa, otsuka magalimoto. Amene anaseka ndi amayi a pamasitepe a ku Berea omwe aja, amene Lolemba amavala epuloni n'kukaima m'makhitchini a khomo limodzi. Munthu amene wakhala pansi sabata yonse, ukamupatsa wina woti amuyang'anire pansi, amalandira ndi manja awiri. Kwa kanthawi kochepako amakhala pasofa ndi madamu. Ndipo kwa mkazi pali chinanso: akaseka kwambiri, anthu adziwa kuti iye si wotero. Kumudzi nako nkhaniyi inagwera panthaka yonyowa kale. Mwamuna akapita ku Joni amati wapita kukasaka. Mkazi akapita, achibale amadya zimene watumiza, koma m'mimba ali ndi funso. Binali sanabzale funsolo. Anangolipatsa dzina ndi mudzi.

"Chabwino, ndalakwa," anatero Binali. "Ndiikonza lero lomwe. Ndichotsa Omega, ndiika dzina lina. Glory, kapena."

"Glory wa kuti? Ku Berea kuli Glory, ali ndi ana ku Balaka. Mukufuna muchotse katundu pamutu panga mumusenzetse iye?"

"Ndiye akhale wopanda dzina."

"Abwerere kumene anali, eti? Azilanda amuna mwakachetechete, ife tonse tikhale iyeyo." Omega anapukusa mutu. "Muimasuliranso, inde. Mtsikanayo anene zimene mapazi ake akunena. Anthu akakana kuonera, akane. Koma zimenezo n'za mawa. Imene ili ku Luchenza mukaichotsa bwanji? Mukalowa m'mutu mwa anyamata aja ndi chofufutira?"

Binali anatseka filimuyo pakompyuta.

Omega anatulutsa foni m'chikwama. Sanaimbire Praise, ankadziwa kuti sayankha. Anaimbira mng'ono wake.

"Ali pomwepo? Usamuuze kuti ndine. Umuuze kuti womasulira filimu uja akufuna ayankhule naye. Abwera, ameneyo ndi mwana wanga, akufuna kudziwa."

"Hayibo, alongo, mwana ndimuuza chiyani? Tadikirani ndikonzeke kaye."

"Mufilimu munakonzeka? Si paja mumangoyang'ana n'kuyankhula?"

Pafoni panamveka tambala wa ku Luchenza, kenako kukwekweza kwa masilipasi, kenako kupuma kwa munthu amene wagwira foni koma sakufuna kuyamba ndiye. Omega anatseka maso pang'ono. Kupuma kumeneko akanakuzindikira ngakhale pakati pa msika. Anakweza mawu a foniyo kuti amve ndi amayi a pampopi omwe, amene tsopano anali atadzaza pakhomo, thovu lili m'manja. Anaiika patebulo, pafupi ndi maikolofoni.

"Nayu Praise. Musatsine mphuno, muyankhule ndi mawu anu abwino aja. Mwanayu anandifunsa ngati ntchito yanga ndi imeneyo. Munayambitsa funsoli ndinu, ndiye mumuuze: amayi ake munawaona liti, kukhitchini ya ndani, akuitana bwana wanji? Yankhani, Che Binali, mwana akumvetsera!"