Thupi la Tisa

Ndinaganiza zochoka ku komboni yathu ya Kanyama chaka chimene fakitale yathu yosoka zovala inagulitsidwa. Salaula, zovala zovalidwa kale zochokera kunja, anali atadzaza mumsika, ndani akanagulanso malaya athu? Amuna anga anali atamwalira kale. Mnzanga atandipezera ntchito ya m'nyumba ku Francistown, ku Botswana, sindinafunse kawiri.

Chondimanga miyendo chinali mwana wanga Tisa. Ndinene mosabisa: Tisa anabadwa ndi thupi losadziwika bwino ngati ndi la mwamuna kapena la mkazi. Anamwino anati ndi mtsikana, ife n'kumamuveka madilesi. Dokotala ankafuna opaleshoni akadali wamng'ono, anzake asanayambe kumuseka. Ine ndinakana. Ndinkamuona mwanayo akuvula dilesi n'kuvala kabudula wa msuweni wake, tsiku lonse ali pa magalimoto a waya. Ndinati akule, adzatiuze yekha. Anthu amati ndine wouma mutu, ndipo sanama.

Ndinamusiya kwa achimwene anga, a Gidiyoni, mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ife makolo athu anachokera ku Malawi, ndipo mwambo tinabwera nawo: malume ndiye mwini mbumba, mwana wa mlongo wake ndi wake. Pokwera basi ndinati, "Bachimwene, thupi ya mwana musaigwire." Iwo anati, "Yenda chabe, tizamusunga."

Ku Francistown ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya abwana. Mapepala ndinalibe, choncho Lamlungu ndinkangokhala m'katimo kuopa apolisi. Kusungulumwa kumapweteka, abale, mpaka ndinkalankhula ndi zovala pa chingwe. Ndalama ndinkatumiza kudzera mwa a Mwansa, mayi wamalonda amene ankayenda njira imeneyo. Uthenga wobwera nawo unali umodzimodzi: onse ali bwino. Ulendo wina anawonjezera kuti Tisa anagonekedwa m'chipatala koma wachira. Nditafunsa matenda ake, anati sanauzidwe. Ndinadziuza kuti ndi malungo. Kwathu nkhani ya thupi la mwana satuma nayo munthu wapanjira, ndipo achimwene anausunga bwino mwambo umenewo.

Ndinabwerera patapita zaka zinayi, nthawi ya mvula, Kanyama ili m'madzi monga mwa masiku onse. Ndisanafike n'komwe pakhomo, amayi oyandikana nafe anandichingamira akumwetulira. Mmodzi anati, "Mwabwela bwino. Mwana wanu banamukonza, manje ni mkazi weniweni." Chikwama chinandigwera m'matope.

Achimwene sanabise kanthu. Anati kusukulu anyamata anamugwira Tisa n'kumuvula kuti aone. Chimbudzi ndi bafa n'za mabanja ambiri, mphekesera inali paliponse, ndipo alangizi a kutchalitchi anafunsa kuti akatha msinkhu adzamulangiza ndani. "Iwe wenze kutali," anatero. "Ine ndine nenze kumuona alila. Dokotala anakamba kuti tikachedwa vizavuta, ninasaina monga malume." Ndinawatukwana mawu amene mlongo sauza mchimwene wake. Koma ndinaonanso kuti iwo ankakhulupiriradi kuti anamupulumutsa, ndipo zimenezo zinandiwawa koposa.

Tisa ndinamupeza kuseri kwa nyumba atavala chitenje. Anali atatalika, mapewa otambalala, mawu okhuthala. Ankayenera kumwa mapilitsi okulitsa thupi lachikazi tsiku lililonse, koma nthawi zambiri ankasowa poti chipatala chinali chitayamba kulipiritsa. Sukulu anasiya. Anandipatsa moni atagwada, maso pansi, ngati ndine mlendo.

Masiku otsatira ndinamvetsa chinthu chimodzi. Ine ndinkaganiza kuti kwathu akundidikira kuti ndibwere. Ayi ndithu. Abale, atchalitchi, oyandikana nafe, onse kale lija ankadikira kuti ndichoke, ndipo opaleshoni itachitika anapuma mpweya wabwino, n'kuona ngati nkhani yatha.

M'mawa wina tikuchokera kumpopi ndi zigubu, Tisa anaima panjira.

"Bamama, ninabauza kuti sinifuna. Banakamba ati ndine mwana."

Ndinati ndamva, mwanangu.

"Ku Botswana kuli madokotala bakulu, ai?"

Ndinati alipo.

"Bangabweze vamene banachosa?"

Anali akundiyang'ana m'maso, koyamba chibwerereni. Ndinafuna kunama, Mulungu akudziwa. Ndinati, "Iyayi, sibangabweze."

Anagwedeza mutu, n'kusenza chigubu chake, n'kutsogola.