Nyimbo ya ku Bryn Eithin

Anthu a m'chigwa muno amati Tegwen wa ku Bryn Eithin ndi wouma mtima, anatsekera chitseko nkhalamba pa tsiku la maliro. Anene, pakamwa m'pawo. Tegwen wakeyo ndine, ndipo chitsekocho ndinatsekadi. Koma wofuna kundiweruza ayambe wamva za achimwene anga a Idwal, amene anali m'bokosimo.

A Idwal anabadwira ku Bryn Eithin, famu yathu ya nkhosa ya m'mbali mwa phiri, ndipo anatsirizikira m'chipinda chomwe anabadwiracho. Sanakwatire. Ine mwamuna wanga atamwalira ndinabwerera kwathu kudzawaphikira. Ntchito yawo inali nkhosa ndi mipanda ya miyala. Mpanda ukagumuka kulikonse m'chigwa, woitanidwa anali iwo, ndipo ankati mwala ukaunyamula usaubwezere pansi, malo ake alipo. Koma kuyankhula ndiye ayi. Ukanatha kuswera nawo tsiku lonse n'kungomva "eya" kawiri ndi likhweru loitanira galu. Mawu awo ankasungira plygain.

Kuyambira Khirisimasi mpaka m'kati mwa Januwale, matchalitchi a kuno amasinthana kuchititsa plygain, mwambo wa mapemphero woyimba nyimbo za kubadwa kwa Ambuye. Abusa amapemphera mwachidule n'kukhala pansi, basi. Palibe wolengeza, palibe limba. Amuna awiri kapena atatu amangodzuka pa benchi, kupita kutsogolo, kugogoda kachitsulo kopezera liwu, n'kuyimba nyimbo ya banja lawo. Akatha palibe woomba m'manja, amadzuka ena. Malamulo ake ndi awiri, ndipo sanalembedwe paliponse. Nyimbo ya banja lina suikhudza. Ndipo nyimbo ikayimbidwa kamodzi madzulo amenewo siibwerezedwa, ngakhale ikhale yako.

Yathu analemba ndi agogo awo a bambo mu kabuku kakuda, kamene tinkasunga m'kati mwa wotchi yaitali ya pabalaza. Ili ndi ndime khumi. M'tchalitchi zinkayimbidwa zisanu ndi zinayi, kuyambira m'khola la ku Betelehemu mpaka ku manda opanda kanthu. Yachikhumi inali ya pakhomo. Imeneyo imayimbidwa wa ku Bryn Eithin akamwalira, bokosi lisanatuluke, chitseko chili chotseka, abale okhaokha. Imamuuza womwalirayo kuti ntchito yake yatha, chipata chatseguka, apite asacheuke. Akuluakulu ankati amene sanayimbiridwe ndimeyi sapuma, amabwerabe kudzayendera nkhosa, ndipo agalu amamuuwa dzuwa lili paliwombo. Ine mzukwa sindinauonepo. Koma ndimeyo ndinawayimbira mayi, ndinamuyimbira Meurig, mzime wathu, thirakitala itamugwera, ndipo chaka chotsatira ndinawayimbira bambo.

Bambo ndi Meurig ndiwo ankayimba ndi a Idwal. Atapita onse awiri, nyimbo yathu inakhala zaka ziwiri osamveka. Apa m'pamene analowerera a Trefor, oyendetsa makalata, amene anakhala benchi imodzi ndi achimwene kusukulu. Munthu wa pakamwa posatseka, woseka ndi aliyense, ndipo liwu lake la tena linali lokoma, zimenezo sindingabise. Ndinawakumbutsa achimwene mawu a bambo, akuti nyimbo isatuluke pakhomo. Iwo anangoti Trefor si wakunja, amadya nafe Lamulungu lililonse. Anawaphunzitsa m'khola, pakamwa ndi khutu, ndime zisanu ndi zinayi zija. Kabuku sanawaonetse, za ndime ya pakhomo sanawauze.

Anayimba limodzi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Anthu ankawatsatira mpaka kuseri kwa phiri, m'chipale, kuti akangomva awiriwo. Achimwene akaima kutsogolo ankasanduka munthu wina. Msana wopindika ndi miyala uja unkawongoka, ndipo ine mlongo wawo ndinkachita kudzifunsa ngati ndi omwe aja ondisiyira matope pakhomo.

Ukalamba subwera ndi ng'oma. Chaka china, pa ndime yachisanu ndi chiwiri pamene liwu limakwera, mawu a achimwene anathyoka. Pang'ono chabe, koma tonse tinamva. Pobwerera a Trefor anawagwira paphewa n'kunena kuti chitseko cha khola chikufuna mafuta. Achimwene anaseka, inenso ndinaseka, chitsiru ine.

Chaka chotsatira kunamveka kuti a wayilesi adzabwera ndi makina awo kudzajambula plygain ya tchalitchi chathu. Tsiku lina la Novembala, achimwene ali ku msika wa nkhosa, a Trefor anatulukira ndi chikwama chawo cha makalata. Anati a Idwal awatuma kudzaona kabuku, poti mawu ena akuwathawa ndipo sakufuna kuchititsa manyazi mnzawo pa wayilesi. Ndinatsegula wotchi ndi manja angawa. Anakhala pa tebulo la kukhitchini n'kumakopera, ine ndikuwathirira tiyi ndi kuwadulira keke. Anati keke yanga ingadzutse wakufa, ndipo ndinakomedwa nazo. Sindinayang'ane kuti akopera mpaka pati. Achimwene sindinawauze, poti ndinkayesa kuti akudziwa.

Kutatsala sabata, unabwera uthenga woti a Trefor atsekeka pakhosi, chaka chino sayimba. Achimwene anatenga botolo la uchi wathu n'kutsetsereka nalo wapansi mpaka kumudzi kukawapatsa. Atabwerako anati ayimba okha. Masiku onse otsalawo ankakhala m'khola kuyimbira nkhosa, kubwereza ndime yachisanu ndi chiwiri mpaka itakhala bwino. Ndinkawamvera ndili pa zenera. Inakhaladi bwino, Mulungu ndi mboni.

Linali Lamulungu lachiwiri la Januwale, sikisi koloko madzulo. Tchalitchi chinadzaza kuti tho, makandulo m'mazenera monse, makina a wayilesi ali pambali pa guwa. Mwa chizolowezi a ku Bryn Eithin ankadzuka kachitatu. Gulu loyamba litakhala pansi, achimwene anatulutsa kachitsulo kawo m'thumba n'kukagwira m'manja, kudikira. Kenaka kumbuyo kwathu benchi inalira. Anali a Trefor, odwala pakhosi aja, akupita kutsogolo ndi ana awiri a mlongo wawo, anyamata a m'tauni a mawu onona.

Ndinkati ayimba ina. Mzere woyamba utangomveka, ndinaizindikira. Inali yathu.

Anayimba bwino, ndipo n'zimene zimandiwawa mpaka lero. Akanalakwitsako bwenzi ndili ndi potukwanira. Anthu anazyolika, palibe anayerekeza kutiyang'ana, poti aliyense m'tchalitchimo ankadziwa kuti nyimboyo ndi ya ndani, ndiponso kuti ikatha a Idwal alibenso chodzukira. Ndinkawerenga ndime ndi zala, mano ali gwa. Yachisanu ndi chinayi itatha ndinati zatha, titulukemo. Koma a Trefor anakoka mpweya n'kuyamba yachikhumi.

Sankadziwa kuti ndi ya chiyani. Anaipeza m'kabuku n'kuyesa kuti atola ndime yoiwalika, mphatso ya a wayilesi. Anachita kutembenukira ku benchi yathu, nkhope ili ngwee, n'kumawayimbira achimwene m'maso kuti ntchito yawo yatha, chipata chatseguka, apite asacheuke.

Achimwene anabweza kachitsulo m'thumba pang'onopang'ono. Kenaka anandinong'oneza: "Tegwen, wamwalira ndani ku Bryn Eithin?"



Plygain ikatha pamakhala chakudya m'chipinda cha kuseri, nyama ya nkhumba, buledi ndi tiyi. Ine ndinkafuna kupita kunyumba, koma achimwene anati sitinathawepo chakudya cha plygain. A Trefor anatipeza pa tebulo, pakamwa pali chiyendere.

"Usandiyang'ane choncho, nzanga," anatero kwa achimwene. "Nyimboyi ikanafera pakhosi pako. Mwana ulibe, woisiyira ulibe. Ndaipulumutsa ine. Tsiku lina udzandithokoza."

Ndinanyamula tipoti, ndipo sindikudziwa kuti ndikanachita nayo chiyani achimwene akanapanda kundigwira dzanja. Anawafunsa a Trefor modekha kuti kabuku anakaona kuti. A Trefor anandiyang'ana ine. Achimwene anandiyang'ananso, kamodzi kokha, ndipo kuyang'ana kumeneko ndidzapita nako kumanda. Ndiye anati: "Wayimba bwino, Trefor. Uchi uja wakuthandiza."

Anamaliza tiyi wawo, tinavala makhoti n'kukwera phiri. Za kabuku sanandifunsepo, usiku umenewo kapena tsiku lina lililonse. Bola akanandikalipira.

Achimwene anakhala ndi moyo zaka zina khumi ndi chimodzi. Mipanda ankamangabe, nkhosa ankawetabe, kutchalitchi sanajombepo. Koma sanayimbenso, ngakhale nyimbo wamba za m'buku. Ankangolitsegula n'kuliyang'ana. Khirisimasi iliyonse wayilesi inkaulutsa zimene inajambula zija, ndime zonse khumi, n'kumatchula dzina la a Trefor. Ana a sukulu anaigwira nyimboyo. Tsiku lina ndili m'sitolo ndinamva mtsikana wogulitsa akung'ung'udza ndime ya pakhomo uku akukulunga batala. Ndinasiya dengu pomwepo n'kutuluka. A Trefor makalata athu ankawasiya pa chipata atawatsindira ndi mwala, mpaka anapuma ntchito. Lamulungu tinkadya awiri.

Chifuwa chitawagoneka achimwene, dokotala atanena kuti kwatsala masiku, anandiitana n'kundiuza kuti ndisadzawayimbire. Ndinakwiya. Ndinati zimenezo ndi zamisala, wa ku Bryn Eithin sanatulukepo pakhomo pano osayimbiridwa, kodi akufuna azidzayendayenda m'busa ngati mzukwa?

"Ndinayimbiridwa kale," anatero. "Nyimbo siibwerezedwa, Tegwen. Ukudziwa."

Ndinati lamulo limenelo ndi la madzulo amodzi. Anandiyankha kuti kwa iwo madzulo aja sanathe. Anatembenukira kukhoma, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Tsiku la maliro onyamula bokosi anaima pabwalo monga mwa mwambo, ndipo ndinatseka chitseko. Mbale wotsala ndinali ndekha. Ndisanafike n'komwe pambali pa bokosi, ndinamva kugogoda. Anali a Trefor, okalamba, pa ndodo, chipewa m'manja, misozi ili chuchuchu. Anati anamva kalekale kuti ndime ija ndi ya chiyani, ndipo kuyambira pamenepo tulo sanatione bwino. Anati sindingayimbe ndekha, ndimeyo imafuna tena, ndiwalole alowe amuperekeze mnzawo.

Ndinawamvera chisoni, sindinama. Koma ndinakumbukira botolo la uchi likutsetsereka phiri m'manja mwa achimwene.

"Munawaperekeza kale, a Trefor," ndinatero. "Ali moyo."

Ndinatseka chitseko. Ndinaima pambali pa bokosi, dzanja lili pa thabwa, kwa nthawi yokwana kuyimba ndime imodzi, kukamwa kuli kotseka monga achimwene anandiuzira. Kenaka ndinatsegula n'kuuza amuna aja kuti alowe.

Kabuku kakadali m'wotchi. Galu wa achimwene wakalamba, saonanso bwino, koma masiku ena dzuwa likafika paliwombo amadzuka n'kumauwa cha ku mpanda wa kumtunda, kumene kulibe munthu. Sindimuletsa. Ndimangotereka madzi a tiyi.