Dzanja pa phewa la mayi

Amuna anga anali wojambula zithunzi pa Boma la Mwanza, ndipo ine ndinali wowagwirira fulashi. Musaseke, inali ntchito imeneyo. Anzawo onse ankamangirira kanyali kothwanima kaja pamwamba pa kamera, n'kumuwalitsa munthu kumaso ngati galimoto. Iwo ayi. Ankati kuwala kobwera chamaso kumaphwatalitsa nkhope, munthu n'kutuluka ngati chitumbuwa. Ndiye ankandiimika chapambali, fulashi ili m'manja, mkono m'mwamba mpaka phewa kuwawa. "Kwezani pang'ono, mayi a mwana. Iyayi, mwakwezetsa." Ine n'kumati, "Bambo inu, kodi ndinakwatiwa kapena ndinalembedwa ganyu?"

Analinso ndi kamasewera kawo kamene kankandipsetsa mtima. Akapeza malo amdima, ankaimika kamera pa miyendo yake itatu, n'kutsegula diso lake osalitseka msanga. Kamera ikayang'ana nthawi yaitali choncho, chokhala phee chimatuluka bwinobwino, koma choyenda chimatuluka ngati utsi. Kenako ankandiuza kuti ndithwanimitse, ndipo amene fulashi yamupeza ankauma pomwepo, nkhope mbee. Pa ukwati wina kwa Nthache anajambula choncho mkwatibwi ataima m'tchalitchi, amayi akuvina momuzungulira. Chithunzi chitabwera, mtsikana uja anali pakati pa nkhungu yokhala ndi manja ndi mipango. Eni ukwati anachikana, amvekere izi ndi za ufiti. Ine ndinalalata mpaka mawu kusasa chifukwa cha filimu yowonongekayo, iwo akungochiyang'ana n'kumamwetulira okha. Kwathu kunalibe kotsukira, choncho mafilimu onse ankakwera basi kupita ku Blantyre, ndipo kumeneko chithunzi chinkadutsa m'manja ambiri chisanabwerere kwa ife.

Mlongo wanga, chitsiriza cha mayi, anali mphunzitsi pa pulayimale ina kwa Kanduku. Ndinamubereka kumbuyo ine ameneyo, ndipo pakamwa tinatengera kumodzi. Tsiku lina pamsika achinyamata a chipani anatsekereza mayi wina woyembekezera, akuti agule makhadi a chipani awiri, lake ndi la mwana wa m'mimba. Anthu onse anazyolika monga tinkachitira masiku amenewo. Mlongo wangayo anafunsa mokweza ngati mwanayo adzabadwe khadi lili m'manja. Ena anaseka, ndipo kusekako n'kumene kunamuphera tsogolo. Posakhalitsa kunamveka zoti ndi chigawenga. Anadzera njira za m'mapiri n'kulowa ku Mozambique, kwa abale a mayi.

Tinadziwa kuti apolisi abwera kudzafuna chithunzi chake kuti achipereke kumalire. Ndiye amuna anga anasonkhanitsa zonse, cha ku sukulu ya uphunzitsi, cha pa ukwati wathu, china ali pa njinga, ndi manegetivu omwe, n'kuziponya pamoto kuseri kwa nkhokwe. Mayi anaima poteropo akuona nkhope ya mwana wawo ikupindika n'kuda. Sanalire. Anangofunsa kuti, "Nanga ine ndizimuonera pati?"

Panapita zaka osamva kanthu. Kutsidya kuja nkhondo inakula, anthu anayamba kutsikira kwathu ndi mitolo pamutu, ena atabereka okalamba kumbuyo. Mayi nawo anayamba kudwaladwala, miyendo kutupa, chifuwa osatha. Nyengo ina ya manachesi, kukuzizira koopsa, mayi aang'ono anatitumizira uthenga kuti tipite kumudzi ndi kamera, koma tisauze munthu. Tinakwerana pa njinga, ine kumbuyo ndi miyendo ya kamera ija pamiyendo panga, tikukankha m'zitunda. Ndinkangoti basi mayi atsala pang'ono, akufuna chithunzi chotsanzikira.

Tinafika dzuwa lili paliwombo, koma chitseko chinali chotseka, mazenera atawapachika masaka. M'nyumba munali bii, nyali ya galasi yokha ikuyaka patebulo. Maso atazolowera ndinaona munthu atakhala pamphasa, wowonda, wandevu, atafunda bulangeti long'ambika ngati othawa nkhondo anzake amene anabwera nawo. Ankasenda nachesi.

"Achemwali, mwanenepatu," anatero.

Mayo ine! Ndinamumenya zibakera pachifuwa, ndikumutukwana, ndikulira, zonse pamodzi. "Chitsiru iwe, zaka zonsezi osatuma ngakhale mawu?" Mayi aang'ono anandigwira pakamwa kuti ndingamveke kunja.

Mayi anali atavala kale chitenje chawo cha ku tchalitchi, atamanga mpango. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake sayang'anizana kumaso, choncho analankhula atayang'ana kukhoma. "Apongozi, ndijambuleni ndi mwana wanga. Ndikufuna nkhope yake m'nyumba muno ndisanafe."

Amuna anga anatikodola ine ndi mlongo wanga kuti tilowe kuchipinda. "Alamu," ananong'ona, "filimu iyi ipita ku Blantyre. Wotsuka akakakuzindikirani, kapena wina akadzachiona chithunzichi, ndiye kuti munabwera kuno ndipo ife tinakubisani. Atitenga tonse, ndi mayi omwe."

"Ndiye akanizeni," anatero mlongo wanga.

"Ukawakanize ndiwe," ndinamuyankha. "Wawaona mmene alili?"

Amuna anga anakanda m'mutu n'kunena kuti njira ilipo, yomwe ija ya pa ukwati wa kwa Nthache. Mlongo wanga aima kumbuyo kwa mayi kamera ikuyang'ana ndi kuwala kwa nyali kokha, azigwedeza mutu kuti nkhope isagwire, ndiye achoke. Akachoka, ine ndithwanimitse pa mayi okha. Alowamo ndithu, koma womudziwa tikhala ife tokha. Kunena zoona, ndinaona kuti ndi nzeru. Kwa nthawi yoyamba masewera aja ndinawapatsa ulemu.

Tinawafotokozera mayi. Ndinawauza ine, pang'onopang'ono, kuti mwana wawo alowa m'chithunzi koma nkhope siioneka bwino, kuopa anthu aja. Anagwedeza mutu. "Bola alowemo." Ndikaganiza lero ndimaona kuti anamva mawu amodzi okhawo, oti alowa.

Tinawakhazika pampando. Nyali tinaisunthira chapambali kuti iwalire onse awiri. Ine ndinaima pafupi ndi khoma, fulashi m'mwamba, chala pa kabatani. Amuna anga, amene chikwatire anali asanayang'anepo apongozi awo m'maso, anawerama n'kuwayang'ana kudzera m'kamera, thukuta lili kamukamu m'chisanu chimenecho. "Mayi, musagwedezeke. Ndatsegula."

Mlongo wanga anaika dzanja paphewa la mayi n'kuyamba kupukusa mutu pang'onopang'ono, uku ndi uku, ngati munthu amene akukana mlandu. Sindidzaiwala. M'nyumba munali zii, kunja mbuzi ikulira, wina akudutsa panjira akuimba likhweru. Ndinkafuna kumuuza kuti aime kaye ndimuone bwino, poti chifikire ndinali ndisanamuyang'anitsitse, maso anali odzaza misozi. Koma kamera inali ikuyang'ana, ndipo sindikanatha kutsegula pakamwa.

"Chokani, alamu."

Anabwerera m'mbuyo, koma mayi anamugwira dzanja lija. Anthu inu, munthu wodwala mphamvu anazitenga kuti? Anakoka, osamusiya. Iye anangonjuta kuseri kwa mpando, mkono uli chitambasukire.

"Thwanimitsani!"

Ndinadina. Nyumba yonse inati ng'anii, ndinaona maso a mayi ali tong'oo, kenako mdima woposa poyamba, m'maso mwanga mukuyenda timadontho tobiriwira. Amuna anga ankafuna kubwereza, koma panja panamveka "Odi!" Anali mayi wina woyandikana nawo, wodziwika ndi pakamwa, akuti wadzabwereka sefa. Masana onsewo mazenera otseka, angalephere kubwera? Ndinatuluka n'kukhala naye pakhonde, ndikumufotokozera za matenda a mayi, zoti kuwala kukuwapweteka m'maso, ndikuseka naye mano okha. Anakhalitsa mfiti ameneyo! Pamene ankanyamuka, mlongo wanga anali atatulukira kale kuseri n'kulowa m'mapesi. Sitinatsanzikane. M'nyumba munatsala fungo la makoko a nachesi.

Chithunzi chinabwera kuchokera ku Blantyre popanda wofunsa kanthu. Wotsuka ayenera kuti anangoti wojambula wa ku Mwanzayu walakwitsanso. Mayi anatuluka bwino kwambiri, mbali imodzi ya nkhope yowala, inayo ili mumthunzi, khwinya lililonse likuoneka. Kumbuyo kwawo kunali chinthu chotalika ngati munthu, chotuwa, mutu wake utatambasuka m'mbali ngati utsi wa fodya, ndipo ming'alu ya khoma inkaoneka kudzera pachifuwa pake. Koma paphewa la mayi panali dzanja lenileni, zala zonse bwinobwino ndi zikhadabo zomwe, litagwidwa ndi dzanja lawo. Amuna anga anati m'moyo wawo sanajambulepo chithunzi chokongola chotero. Ine chinandichititsa nthumanzi.

Tinapita nacho kumudzi. Mayi anachitengera pakhomo pomwe panali kuwala, n'kuchiyandikiza kumaso. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ali kuti?"

Ndinawalozera. "Si uyu, mayi? Paja tinakuuzani. Onani dzanja lake ili."

"Uwu ndi mzimu," anatero. "Munthu wamoyo khoma silioneka kudzera m'chifuwa mwake."

Amuna anga anagwada pakhomo n'kufotokoza zonse, za nyali, za diso la kamera, zoti dala anachita choncho. Anafika mpaka potenga chithunzi cha ukwati wa kwa Nthache chija ngati umboni, kuti amayi ovinawo onse ali moyo, ena amagulitsa tomato pa Boma. Mayi anawadikira amalize, nkhope ili kukhoma. "Apongozi, inu munapanga zanu, ndamva. Koma kamera yaona zimene ife sitinaone. Mwana wanga wapita."

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi maliro amene analira. Chigawenga sichinkaliridwa. Mukanalira mokweza, mawa lake mukanafunsidwa kuti mwamva kwa ndani, ndipo mumalumikizana naye bwanji. Ndiye mayi analowa kuchipinda, n'kudzitseka pakamwa ndi chitenje, n'kumalira mobuula ngati munthu wa mutu waching'alang'ala. Mawa lake anauza mayi aang'ono kuti awamete mpala, monga timachitira maliro akatha. Anthu atafunsa, anati ndi nsabwe. Ine ndinkawakalipira, "Mayi, mukulira munthu wamoyo, mukumuitanira tsoka!" Chithunzicho ankagona nacho kumutu, ndipo mvula isanagwe chaka chomwecho tinawaika m'manda.

Ndinawakwiyira amuna anga, ngakhale ndinkadziwa kuti anatipulumutsa. Ndinakwiyiranso mlongo wanga ndi pakamwa pake, ndi anthu amene anaseka pamsika paja, ndi dziko lonse loopa nkhope ya mphunzitsi wa pulayimale. Amuna anga masewera aja anawasiyira pomwepo. Anapitiriza kujambula maukwati ndi ana a sukulu panja, padzuwa, ndipo sanatseguleponso kamera mumdima mpaka imfa yawo.

Uthenga wa mlongo wanga sunabwere, wabwino kapena woipa. Abale a kutsidya anabalalika ndi nkhondo, mudzi wawo unapsa. Ndinkadziuza kuti mayi analakwitsa, kuti kamera ndi chitsulo chabe, ine ndemwe ndinadina kabatani ndipo ndikudziwa mmene utsi uja unapangidwira. Koma ndikamulota, mpaka pano, amabwera akupukusa mutu, ndipo ndimadzuka asanauimitse.

Zinthu zitasintha m'dziko muno, anthu anayamba kulankhula. Amene anathawa anayamba kubwerera, othawa nkhondo nawo akupakira kubwerera kwawo. Mabanja ankayenda ndi zithunzi za abale awo, kufunsa aliyense wodutsa. Nanenso ndinakulunga changa m'pepala n'kupita kumalire, kumene malole amaima. Ndinayamba ndi madalaivala, kenako amayi ogulitsa nthochi, kenako aliyense wolankhula Chinyungwe cha kutsidyako. Ena ankachitembenuza, ena ankandibwezera msanga ngati chikuotcha.

Pomaliza anandilozera bambo wina wachikulire, amene ankati anayenda midzi yonse ya kutsidya nthawi ya nkhondo ndipo saiwala munthu. Ndinamupeza atakhala pa thumba la chimanga, akudikira lole. Anapukuta manja m'malaya, n'kuchilandira ndi manja awiri. Anachiyang'ana mofatsa, mwaulemu ndithu.

"Amayi awa sindikuwadziwa," anatero.

"Si amayiwo, bambo. Ndi uyu, wakumbuyoyu."

Anachiyandikizanso. "Nada, ayi ndithu, mayi. Apa palibe munthu."

"Alipo! Onani dzanja lake ili."

"Dzanja ndaliona. Koma ndiuzeni nkhope yake, mwina ndimukumbuka. Anali wotani?"

Ndinatsegula pakamwa. Ndinati anali wamtali. Ndinati anali mphunzitsi, wolongolola, wokonda kuseka. Bambo uja anadikira, akundiyang'ana mwachifundo. Ndinafunafuna mphuno yake, maso ake, kaya anali ndi mpata m'mano kapena ayi, mwana woti ndinamubereka kumbuyo ndekha. Sindinapeze kanthu. Lole inaliza hutala, bambo uja anandibwezera chithunzi changa, n'kusenza thumba lake.