Wolawa Mpunga wa Wakupha

Ndinalowa m'ndende chifukwa cha mitolo iwiri ya nzimbe za pa esiteti ku Dwangwa. Ine wa nzimbe chabe anandiika selo imodzi ndi munthu amene ankapha akazi m'minda ya mpunga ku Kanyenda, mmodzimmodzi, mpaka anthu analeka kupita kokaingitsa mbalame.

Ndinkayembekeza chimphona. Ndinapeza kamunthu kadazi, kowonda, kamantha ngati khoswe. Akaidi onse ankamulumbirira, ndi akuba mbuzi omwe, poti m'ndende aliyense amafuna wina woipa kuposa iye.

Chimene ankaopa kwambiri chinali chiphe. Lamlungu lililonse mayi ake ankachokera ku Chia ndi mpunga wa kilombero ndi chambo chootcha. Lamulo la pachipata ndi lakuti wobweretsa chakudya ayambe walawa pamaso pa msilikali, ndipo mayiwo ankalawa. Koma kontena inkadutsa m'manja ambiri isanamupeze, ndiye anafuna wolawa wachiwiri. Ndinadzipereka, poti ndinakulira m'tchalitchi ndipo chifundo ndimachidziwa.

Ntchitoyo ndinkaigwira mwakhama. Ndinamuphunzitsa kuti chiphe chimakonda kubisala m'mutu wa nsomba ndi kumimba konona. Ndikalawa ndinkatsinzina, n'kunena kuti lilime likukayika, ndibwerezeko. Anzanga ankatha thupi ndi mgaiwa ndi nandolo wofumbwa, ine masaya ali tukumuku.

Tsiku lina masana nyapala, mkaidi wolamulira selo yathu, anandiuza kuti ndikatsuke kontena kumpopi ndipo ndisafulumire. Ndinamva chimene ankatanthauza. Ndinaitsuka kanayi. Pobwerera ndinapeza magazi pakhoma, mwini wake atamutengera kuchipatala nsagwada itathyoka. Kuchoka kumeneko anamusamutsira kundende yakutali. Sindinamulire, pakuti akazi aja anasiya ana. Ndinalira mpunga.

Lamlungu msilikali anandiitana kuchipata. Mayi aja anali atamva zonse, koma anali ataphikabe.

"Ndinu anzake aja?" anandifunsa. "Ankati muno muli inu nokha womusamala."

Anatsegula kontena, nalawa pamaso pa msilikali, n'kundipatsa. Manyazi amene ndinachita pamenepo sindinawachitepo ngakhale kukhoti, nzimbe zija zili patebulo. Mutu wa chambo anali atauika pamwamba penipeni. Mwana wawo anali atawauza kuti ndimaukonda.